KU CHADIZA, KUMENE MUDZI WONSE UMATSATA ANA KU BWALO LA MPIRA

Munthu wofuna kulidziwa bwino dziko la Chadiza asapiteko m'dzinja, pamene mitsinje yadzaza ndipo aliyense ali cowerama m'munda. Apite m'miyezi ya June ndi July, cimanga citalowa m'nkhokwe, soya ndi mpendadzuwa zitalongedwa m'matumba, mphepo ya mwera ili kuomba m'madambo. Kucokera ku Chipata, likulu la Cigawo ca Kum'mawa, ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 80 kulowera kumwera, pa msewu umene eni dziko akhala akuudandaula zaka zambiri. Ena amadzera ku Katete.

Boma limeneli lacita malire ndi Mozambique. Kuyambira caka ca 2012, pamene dera la Mfumu Pembamoyo linapatulidwa kukhala boma la Vubwi, latsala ndi mafumu akulu atatu a Acewa, ndiwo Mlolo, Mwangala ndi Zingalume, onsewo ali pansi pa Kalonga Gawa Undi wa ku Mkaika. Kalembera wa 2022 anapezamo anthu oposa 100,000, ndipo pafupifupi onse ndi alimi. Wapaulendo amaona midzi ya m'mitengo ya mango, makola a ng'ombe, zikocikale zokokedwa ndi ng'ombe ziwiri, ndi timapiri ta miyala totumphuka apa ndi apo. Koma ciripo cinthu cina cimene maso amazolowera msanga. Asanaone nyumba za sukulu, asanaone ngakhale mbendera, amayamba waona magolo: mitengo iwiri ya bulugamu yoimika ndi wina wopingasa pamwamba, nthawi zambiri wopindika pakati ngati msana wa nkhalamba. Capafupi pamakhala kabwalo kena kakang'ono, kosalala ndi mapazi, kali ndi mizati iwiri ya mkombero wacitsulo pamwamba. Pamenepo ndipo posewerera atsikana mpira wa manja.

Caka ca sukulu cili ndi zigawo zitatu, ndipo masewera amatsata dongosolo lodziwika kalekale. Cigawo coyamba ndi ca mijaha, kulumpha ndi kuponya nthungo. Caciwiri, cimene cimayamba mu May, ndico ca mipira. Ana amayamba apikisana okhaokha pasukulu pao, kenaka masukulu oyandikana amakumana pa sukulu imodzi ya pakati. Opambana kumeneko amapita ku Boma, ndipo osankhidwa ku Boma amakaimira Chadiza pamaso pa maboma ena a cigawo cino. Mwa makwerero onsewa, tsiku limene limagwedeza midzi ndi lija la masukulu oyandikana, pakuti mtunda wace ndi woti munthu angathe kuyenda pansi, ndipo ana osewerawo aliyense amawadziwa maina, mifunda ndi amai ao owabala.

Palibe amene amalemba kalata yoitana anthu. Mbiri imayenda ndi ana eni ace, imafika pa citsime, pa cigayo ndi pa chalichi, ndipo pofika tsikulo njira zonse za m'minda zimaloza kumodzi. Amayamba kufika ndi osewera, atayenda mwina maora awiri kapena atatu cisanu cili m'mafupa, mphunzitsi wa masewera ali pambuyo ndi njinga yonyamula thumba la majezi. Pambuyo pao pamabwera ana ena onse a sukuluyo ndi ng'oma, mabotolo oika miyala ndi nthambi za mitengo. Dzuwa likakwera pamafika amai a malonda ndi mabeseni a zitumbuwa, mbatata yophika, nsawa zokazinga, nzimbe, ndi zidebe za thobwa. Anyamata a mbewa zowamba samasowa, pakuti iyi ndiyo nyengo yace. Madoda amabwera mocedwa, monga mwa ulemu wao, natsamiritsa njinga pa mtengo. Nyakwawa amampatsa mpando pafupi ndi aphunzitsi akulu. Pabwalo palibe mpanda, palibe cipata, palibe wolipiritsa. Malire a bwalo ndi kamzere kolima ndi khasu kapena kothira phulusa, ndipo anthu akacuruka mzerewo umasowa, kotero kuti ana akuluakulu amayendayenda ndi tinthyole kubweza khamu m'mbuyo.

Wofika kumene angaganize kuti ndi cipwirikiti cabe, koma khamulo lili ndi malamulo ace osalembedwa. Sukulu iliyonse imatenga mbali yace ya bwalo, ndipo midzi imene imatumiza ana kusukuluyo imaima kumbali komweko. Atsikana ndiwo eni nyimbo. Mmodzi amatsogola, anzace nkumavomera ndi kuomba m'manja, ndipo mau ace amapekedwa pomwepo: kutama mnyamata wa liwiro, kuseka goloboyi wa anzao, kapena kukumbutsa alendo za zigoli zimene anamwa caka catha. Mpira ukalowa m'golo bwalo lonse limadzaza anthu, pfumbi kuti kobo, tiana kugubuduka, amai kuimba nthungululu ndi kukupiza zitenje. Mai wina wacikulire amene sadziwa lamulo ndi limodzi lomwe la mpira amathamanga kukamgwira mdzukulu wace kumutu, ali kupfuula kuti ameneyo ndi mwana wa m'nyumba mwace. Woimbira mpira amadikira ndi wezulo pakamwa, pakuti adziwa kuti kukalipa sikungathandize kanthu.

Kodi cimene cimaturutsa anthu otere m'nyumba zao nciani? Masewerawo pa okha sali a pamwamba kwenikweni. Bwalo ndi lokumbika, mpira nthawi zina ndi wosokasoka, ndipo ana ena amasewera opanda nsapato. Yankho lace lili m'zipupa za sukulu. Masukulu ambiri a kumidzi kuno anamangidwa ndi nchito yodzithandiza: makolo anaumba njerwa, amai anatunga madzi ndi kututa mcenga pamutu, ng'ombe za m'mudzi zinakoka miyala, Boma ndi mabungwe nkudzathandiza ndi malata ndi simenti. Munthu amene anaponda dothi la njerwa zimenezo sanena kuti sukulu ya aphunzitsi. Amati sukulu yathu. Koma m'kalasi salowa. Makolo ambiri amaitanidwa kusukulu pa zifukwa ziwiri zokha, msonkhano wa nchito kapena mlandu wa mwana, ndipo amene sanaphunzire amaima pa khomo la ofesi cipewa cili m'manja. Pa bwalo la mpira pokha ndi pamene kholo losadziwa kulemba dzina lace limaima phewa ndi phewa ndi mphunzitsi wamkulu, onse ali kupfuula cinthu cimodzi. Mphunzitsi wanzeru amadziwa kuti mau amene angalankhule ndi bambo wa mwana pansi pa mtengo tsiku limenelo amalowa bwino koposa makalata khumi.

Kukondwera ndi timu ya sukulu si kwa kuno kokha. Ku America, kumene masewera a basketball anayambira m'caka ca 1891, pamene mphunzitsi James Naismith anapacika madengu awiri a zipatso m'nyumba ya masewera ku Springfield, matimu a makoleji amakoka anthu koposa matimu a maiko ena athunthu. Pa Duke University ophunzira amagona m'matenti kwa masabata, m'nyengo ya cisanu coopsa, kuti apeze malo m'nyumba yolowa anthu 9,314 pa tsiku lokumana ndi anansi ao a North Carolina; mwambo umenewu unayamba mu 1986. Mu February 2019 anthu 35,642 anasonkhana ku Syracuse kuonera masewera amodzi a ana a koleji. Komabe ngakhale kumeneko akuluakulu a makoleji ena akhala akudandaula kuti mipando ya ophunzira ikutsala yopanda anthu, cifukwa acinyamata akonda kuonera pa wailesi ya kanema ndi pa foni. Amawanyengerera ndi malaya aulere ndi zakudya. Ku Chadiza palibe amene analandirapo malaya cifukwa cobwera kudzacemerera, ndipo amene amabwera saali ophunzira okha, koma agogo, atsibweni ndi alamu omwe.

Basketball yeniyeniyo imafuna bwalo la simenti ndi matabwa a pa mizati, motero m'dziko lino imapezeka makamaka m'matauni, m'makoleji ndi m'masukulu akuluakulu ogonera komweko. Ku Lusaka timu ya UNZA Pacers ya pa yunivesite ndi yodziwika. Cimene cinafika m'midzi ndi mwana wace. Masewera a Naismith ataoloka nyanja kufika ku England m'zaka za m'ma 1890, aphunzitsi a atsikana anawasintha malamulo, ndipo m'menemo munabadwa mpira wa manja umene amishoni ndi aphunzitsi anabwera nao kuno. Mkombero wace uli pa msinkhu womwewo wa mamita 3.05, koma osewera ndi asanu ndi awiri mbali iliyonse m'malo mwa asanu, ndipo wogwira mpira saloledwa kuthamanga nao kapena kuusunga kupitirira masekondi atatu. Ndi masewera ofuna maso akuthwa ndi kumvana, ndipo safuna cuma: mizati iwiri, mpira umodzi ndi malo osesa bwino.

Pa Boma peni peni mzimu wa sukulu uli ndi nkhope ina. Chadiza Boarding Secondary School imalandira ana ocokera kumadera osiyanasiyana, ena a kutali ndithu, amene makolo ao sangathe kubwera kudzaonera. Kwa ana otere sukulu ndiyo mudzi, nyumba yogona ndiyo banja, ndipo kucemerera kwao ndi kwa dongosolo: amafika pamodzi atabvala yunifomu, ali ndi atsogoleri a nyimbo odziwika, ndipo mwana watsopano amaphunzira nyimbo za sukulu asanadziwe ndi maina a aphunzitsi omwe. (Akulu amene anaphunzira kale amamwetulira kumva kuti kuyambira 2025 ana atsopanowo ayambanso kuchedwa a Fomu 1, monga m'masiku ao.) Amene anapitako zaka makumi atatu zapitazo, lero ali m'maofesi ku Lusaka kapena ku Migodi, angaiwale masamu onse, koma sangaiwale tsiku limene anagonjetsa sukulu ya boma lina pa bwalo lao. Masukulu a sekondale oyendera, amene acuruka m'zaka zino kumadera monga Taferansoni, ali pakati: ali ndi yunifomu ndi nyimbo ngati a pa Boma, koma ali ndi midzi kumbuyo kwao.

Tsono pali cinthu cimodzi cosakondweretsa cimene woyenda m'mabwalo amenewa sangalephere kuciona. Mpira wa atsikana kawirikawiri umaikidwa m'mawa, anthu asanasonkhane, kapena umaseweredwa nthawi imodzi ndi wa anyamata. Wezulo akangolira ku bwalo lalikulu, khamu lonse limakhamukira kumeneko, ndipo atsikana amatsala ndi mphunzitsi wao wamkazi, anzao owerengeka ndi tiana tolera makanda. Atsikana omwe aja amene amataya mau kuimbira anyamata, iwo akamasewera palibe mnyamata wowaimbira. Ici si cinthu cacing'ono monga cionekera. Cigawo ca Kum'mawa ndi cimodzi ca zigawo zimene zabvutika kwambiri ndi maukwati a ana ndi mimba za pasukulu. Boma linalola mu 1997 kuti mtsikana wobereka abwerere m'kalasi, ndipo kumapeto kwa 2023 lamulo linakhazikitsa kuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi wosaloledwa, ngakhale wa mwambo. Kalonga Gawa Undi ndi mafumu ace alankhulapo kawirikawiri. Koma lamulo limaletsa cabe. Silipatsa mwana cifukwa cokondera sukulu. Mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu amene masamu amamkanika, amene kunyumba amamuona ngati wakula kale, akamva mudzi wonse uli kuchula dzina lace cifukwa waponya mpira m'mkombero, amakhala ndi cina comkokera kusukulu Lolemba. Akaona kuti ngakhale atate wace apita kukaonera ana a eni, amaphunzira phunziro lina, ndipo limenelo saliiwala.

Zitsanzo zoti aloze sizisowa. Kutsidya kwa malire a kum'mawa, timu ya Malawi Queens inagonjetsa New Zealand pa masewera a Commonwealth mu 2018. Kuno kwathu Barbra Banda, wa mfunda umene mudzi uliwonse wa ku Chadiza uli nao, anamwetsa zigoli zitatu Netherlands ndi zitatu zina China pa masewera a Olympic ku Tokyo mu 2021, ndipo cifukwa ca iye ndi anzace atsikana ambiri ayamba kupempha mpira wa miyendo. Kukonza kwace sikufuna ndalama. Aphunzitsi okonza tsikulo angathe kuika masewera otsiriza a atsikana masana, bwalo lalikulu lili cete, anthu onse alipo.

Pali gulu linanso la oonera limene siliima mbali ya sukulu iliyonse. Kumapeto kwa bwalo, kumene udzu wayambira, kumakhala tianyamata ta zikwapu m'manja, ng'ombe zili kudya kumbuyo kwao. Amenewa ndi abusa. M'dera lino muli cizolowezi cakuti mnyamata amalembedwa ubusa kwa mwini ng'ombe, natumikira zaka zitatu kapena zinai, malipiro ace nkukhala ng'ombe imodzi. Kwa banja losauka ng'ombe imeneyo ndi cuma coonekeratu, pamene phindu la sukulu lili kutali. Koma zaka zimenezo ndizo zaka za kuphunzira kuwerenga. Abusawa mpira amaudziwa, pakuti kudambo amasewera cimpombwa ca mapepala ndi zingwe tsiku lonse, ndipo ena a iwo angathe kucenjeretsa osewera onse obvala jezi. Cimene alibe ndi dzina m'kaundula. Kuyambira January 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira ku sekondale, khomo ndi lotsegula, ndipo aphunzitsi a masewera amadziwa kuti jezi ndi nyambo yamphamvu. Fashion Sakala, amene anabadwa mu 1997 nakulira m'mudzi wa kufupi ndi Chipata, anali m'timu ya acinyamata imene inatenga cikho ca Africa ku Lusaka mu 2017, ndipo mu 2021 anakasewera ku Rangers ya ku Scotland. Si mbusa aliyense adzafika kumeneko, ndipo kungakhale kunama kuwauza tero. Koma amene walowa m'kalasi cifukwa ca mpira amaturukamo akudziwa kuwerenga sikelo ya wogula soya.

Khamu lili ndi zoipa zace, ndipo eni dziko sazibisa. Kumene kwasonkhana anthu mowa umafikako, ndipo madzulo mau amayamba kukhala aukali. Mkangano wakale wa malire a minda pakati pa midzi iwiri ungathe kudzuka cifukwa ca cigoli cokanidwa, woimbira mpira, amene ndi mphunzitsi wosalipidwa kanthu pa nchitoyo, nkuthawira m'ofesi. Nkhani za mankhwala sizitha: kuti wina wakwirira cithumwa pa golo, kuti timu isalowere pa njira imene eni bwalo akonza. Palinso masukulu amene amabweretsa mnyamata wa ndevu amene anasiya kale sukulu, nkumulumbirira kuti ndi wa Giredi 6. Ana amaona zonsezi, ndipo amaphunzira kuti akulu amaloleza bodza ngati lipindula. Zotere zikacuruka, amai amaleka kubwera, ndipo bwalo lopanda amai limasanduka la ndeu.

Mdani wina ndi wofatsa. Akulu amakumbukira masiku amene mudzi wonse unkazinga wailesi imodzi kumvera Dennis Liwewe, amene anamwalira mu 2014, akuulutsa mpira wa timu ya dziko, ndiponso usiku wa pa 12 February 2012 pamene Zambia inatenga cikho ca Africa ku Libreville. Wailesi sinkacotsa munthu pa bwalo la kwao. Koma lero pa timisika ta m'mbali mwa msewu pali tinyumba ta kanema ta magetsi a dzuwa, m'mene mnyamata amalipira ndalama pang'ono kuonera Arsenal ndi Manchester United, ndipo alipo amene amadziwa osewera onse a ku London koma sadziwa kuti mphwao ndiye goloboyi wa sukulu. Masewera a sukulu akagwa tsiku limodzi ndi a ku England, mbali ya madoda imaonekera kuti yacepa. Mwai wace ngwakuti mpira wa ku England umapuma mu June ndi July, nthawi yomwe wa kuno wafika pacimake.

Kumidzi ya kufupi ndi Chanida, cipata colowera ku Tete, okalamba amaliona khamu lotere ndi maso ena. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inkatayikira kuno, zigawenga za Renamo zinkaoloka malire kudzaononga midzi, ndipo othawa nkhondo ambiri anasamutsidwira ku Ukwimi m'dera la Petauke. Mtendere unasainidwa mu 1992. Amene anagonapo m'thengo masiku amenewo amadziwa kuti anthu mazana kusonkhana poyera mpaka dzuwa kulowa, ndi kubwerera kwao mumdima ali kuimba, si cinthu cimene cinalipo nthawi zonse.

Opambana akamapita ku Boma, ocemerera amacepa, pakuti ulendo wafuna ndalama. Amene ali ndi njinga amapalasa, ena amakwera pa njinga zamoto awiriawiri, koma amai a nthungululu aja amatsala. Osankhidwa kukaimira boma lonse amakwera lole m'mamawa, atafunda mabulangete, m'manja muli timatumba ta mbatata ndi nsawa zimene amai ao anakazinga usiku. Kumene apitako adzasewera pamaso pa alendo okhaokha, ndipo zotsatira zimafika kumudzi pa foni ya mphunzitsi. Pofika mu August sukulu zimatsekera, mitima ya anthu imatembenukira ku Mkaika, kumene mwambo wa Kulamba umacitika Loweruka lotsiriza la mweziwo, ndipo cigawo cacitatu ndi ca mayeso. Bwalo limatsalira mbuzi. Mvula ikagwa udzu umamera mpaka m'maondo, ciswe cimadya magolo, ndipo mu January ana amauzidwa kuti aliyense abwere ndi cikwakwa, akuluakulu apite kukadula bulugamu wina.